Galu Woti Apite ku Cuamba

Dinércia ankagulitsa mikate mu padariya ina, sitolo yophikira mikate, ku Cuamba, ndipo ankakhala yekha m'kanyumba kolipira renda pamwezi. Loweruka lina anakwera shapa, kaminibasi konyamula anthu, kupita ku Itepela kukapempha galu kwa amalume ake a Milagre, ndipo anawapeza atakhala pamthunzi wa chigafa cha fodya, kagalu kofiirira katagona pamapazi awo.

"Amalume, ndadzera ameneyu," anatero atamaliza malonje, akuloza kagaluko. "Chingwe ndagula kale. Dzina ndamupatsa kale, ndi Bonito."

"Dzina ali nalo," anayankha a Milagre. "Ndi Tiyesenawo."

"Adzazolowera latsopano."

"Iwe tikakusintha dzina lero ungavomere?"

"Ine ndi munthu, amalume."

"N'chifukwa chake ndakufunsa. Iyeyu sangayankhe."

Dinércia anakhala pa mtondo wovundikira, chikwama pamwendo. Amalume akewo ankawadziwa bwino. Ukawauza kuti ukufa ndi njala ankayamba kufunsa za maliro. Koma iyenso kuyambira ali mwana, akati ndikufuna, sankabwerera.

"Kunyumba kuja ndimakhala ndekha," anafotokoza pang'onopang'ono. "Ndikufuna woti azindiyang'anira nyumba."

"Azingoyiyang'ana?"

"Aziyilondera."

"Ooo. Ndiye makiyi uzimusiyira."

"Ayi, iyeyo azikhala panja, mumpanda."

"Nanga iwe uli kuti?"

"Ku ntchito. Ndimachoka kusanache, kubwerera dzuwa litalowa."

A Milagre anayang'ana galu, n'kuyang'ananso mwana wa mlongo wawoyo.

"Masana adya chiyani?"

"Ndizimusiyira m'mbale."

"Uyu ukamusiyira cha masana amadya m'mawa momwemo. Alibe wotchi."

"Adziona yekha."

"Kudziona angadzione m'madzi akumwawo. Koma kuphika sadziwa."

Dinércia anapuma mozama.

"Chabwino. Ndizimusiyira chambiri. Kuti asasungulumwe, ndizimutsegulira wailesi."

"Ya chinenero chanji?"

"Iii, amalume. Wailesi basi."

"Galuyu amamva Chinyanja, ndi Chiyao pang'ono chifukwa cha anthu ogula fodya. Kwanu kuja wailesi izimuyankhula Chimakuwa. Adzaganiza kuti akumutukwana."

"Ndiye ndidzatenga awiri, azichezerana."

"Eya, zimenezo n'zanzeru," anavomera a Milagre, akugwedeza mutu. Kenako anaima. "Nanga awiriwo akamachezerana, iwe uzicheza ndi ndani?"

Dinércia anakonza chikwama pamwendo pake. Kagalu kanadzuka, kananunkhiza nsapato zake, kenako kanabwerera pamalo pake.

"Ine ndizicheza nawo madzulo," anatero.

"Madzulo ndiye nthawi yawo ya ntchito. Iwe ukulowa, iwo akutuluka. Muzingopatsana moni pakhomo ngati alonda osinthana."

"Ndiye mukufuna ndisiye ntchito ndizikhala ndi galu?"

"Usasiye. Adya chiyani?"

"Kapena galuyo ndiye azipita ku padariya, ine ndizitsala pakhomo."

A Milagre anagwira chibwano. Dinércia anaona kuti akuziganizira ndithu zimenezo, ndipo mtima unamupweteka.

"Ayi," anaweruza pomaliza. "Mikate siingafike kwa ogula."

"Ndimangonena, amalume."

"Inenso ndimangoyankha."

Apa Dinércia anaimirira, n'kutulutsa chingwe m'chikwama.

"Kaya munene chiyani, ine galu ndikupita naye. Inu simukudziwa. Mwezi watha anandibera zovala pa chingwe, dzuwa likuswa mtengo. Ndikafika madzulo ndimatsegula chitseko, mdima uli bii, wondipatsa moni palibe. Tsiku lina ndinadzipeza ndikufotokozera mbaula zimene abwana anandilankhula."

"Inati bwanji?"

"Ndani?"

"Mbaulayo."

"Sinayankhe, amalume."

"Ndiye galunso sayankha. Ungosintha womvera."

"Koma amagwedeza mchira."

A Milagre anamuyang'anitsitsa. Nkhope yawo inafewa, ndipo anasuntha pang'ono pa mpando, ngati munthu amene nkhani yamufika pamtima.

"Mwana wa mlongo wanga kuyankhula ndi mbaula," anatero motsitsa mawu. "Zimenezi sizabwino. Tanena bwinobwino, ukufuna wotani kwenikweni?"

Dinércia anaona kuti wapambana. Anakhalanso pansi, n'kuyamba kuwerenga ndi zala.

"Woti azikhala pakhomo tsiku lonse, osapita kulikonse."

"Eee."

"Azidya chimene ndamupatsa, osadandaula."

"Ngakhale mikate yotsala ya ku padariya?"

"Makamaka imeneyo. Imakhala yambiri."

"Yambiri," anabwereza a Milagre, maso atawala. "Pitiriza."

"Masana azigona pakhonde, koma munthu wachilendo akagwira chipata azichita phokoso mpaka aneba amve."

"Phokoso lalikulu?"

"Lalikulu. Ndipo ine ndikamafotokoza zanga azimvetsera, ngakhale asamve kanthu."

"Asamve kanthu," anatero a Milagre. "Basi?"

"Basi."

A Milagre anadzuka, anakutumula fumbi pa buluku, n'kulowa m'nyumba. Dinércia anagwada, nayamba kumanga chingwe m'khosi mwa kagaluko akuimba chapansipansi. M'maganizo mwake anali akuona kale mmene akakabisire m'chitenje kuti woyendetsa shapa asadandaule. M'nyumbamo munamveka kukokedwa kwa sutikesi, kenako mawu a mkazi wa amalume ake, amake Victor, akufunsa, a Milagre akuyankha, ndipo mayiwo anaseka chiseko cha munthu amene wamutula katundu pamutu.

A Milagre anatuluka atavala jekete la ku tchalitchi ndi chipewa, sutikesi kumanja, mkeka wokulunga kukhwapa.

"Mukupita kuti, amalume?"

"Ku Cuamba. Shapa yamasana ingatisiye."

"Kukatani?"

"Zonse wanenazi, amake Victor amandinena nazo chaka ndi chaka. Kugona pakhonde, kudya osafunsa, phokoso, kusamva. Ndawafunsa, avomera kuti unditenge."

"Ine ndimanena galu."

"Unanena woti. Sunanene galu."

Dinércia anayang'ana mkekawo, anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwake.

"Chabwino, nanga Bonito? Tikwera naye bwanji tonse atatu?"

A Milagre anawerama, anamasula chingwe chija m'khosi mwa kagalu, n'kumubwezera mwiniwake mwaulemu ndi manja awiri.

"Galu atsale, mwanawe. Pakhomo pano wogwira ntchito ndi iyeyu."