Mwana Wanga Anaiwalidwa M'ndende

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine Nachisale wa kufupi ndi Kabwazi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Venansio, amene anakhala m'ndende zaka zambiri osaweruzidwa.

Venansio ankagula mbatata ya kachewere ndi kabichi kwa alimi akwathu n'kumakagulitsa pa Linthipe. Tsiku lina la msika kunabuka ndewu, ndipo munthu wina anabayidwa n'kufera pomwepo. Apolisi atafika anthu anabalalika, koma mwana wanga anatsala akuyang'anira matumba ake. Anamutenga pamodzi ndi amuna ena awiri. Chinali chaka chimene tinasankha ndale za zipani zambiri, aliyense akuimba za ufulu.

Titapita kukamuona apolisi anatiuza kuti mlandu wakupha umadikira khothi lalikulu, choncho tidekhe. Tinadekha. Tinakolola, tinabzalanso, tinakololanso. Anzake awiri aja anatuluka chifukwa abale awo ankadziwa makomo ogogoda, pamene ife sitinkadziwa ngakhale limodzi. Mkazi wake anatopa n'kudikira, anakwatiwa kwina. Bambo ake, a Ludoviko, ankapalasa njinga mwezi ndi mwezi kukamusiyira ufa ndi nyemba, mpaka chisanu cha Juni chinawalowa m'chifuwa. Anamwalira akufunsa ngati mwanayo watuluka.

Ndinapita ndekha kukamuuza za malirowo. Anaima kuseri kwa waya, wowonda ngati bango, ndipo sanalire. Anangoti, "Amayi, musamavutikenso kubwera kuno. Mundiwerengere pamodzi ndi abambo."

Kuchokera tsiku limenelo korona yopempherera inandilemera m'manja. Kutchalitchi kunkapita thupi lokha. Pemphero limene linanditsalira linali limodzi: Ambuye, ngati simundibwezera mwana wanga wamoyo, mundipatseko mtembo wake ndidzauike ndekha.

Lamulungu lina Misa itatha, akatekisiti anatipempha kuti titsalire chifukwa kunabwera alendo a bungwe lina lomwe si la boma, lophunzitsa anthu za ufulu wawo ndi za mavoti. Mmodzi wa iwo, Mayi Kamwendo, anafotokoza kuti malamulo atsopano a dziko akuti munthu akamangidwa ayenera kukaonekera kukhothi msanga. Mawu amenewo anandilasa. Ine amene sindinalankhulepo pagulu chibadwire ndinangopezeka ndaimirira.

"Ufulu mukunenawo umakhala kuti? Mwana wanga anamutsekera kalekale, woweruza sanamuonepo."

Amayi amene ndinakhala nawo pafupi anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, pakuti mantha a masiku akale anali asanatichoke. Koma Mayi Kamwendo anati, "Asiyeni alankhule. Tabwerera zomwezi."

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, monga amachitira alendo ambiri. Koma mlungu wotsatira anabweranso, anakhala nane pamkeka, nandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anapita nane ku Boma, kenako ku Lilongwe kwa loya wa bungwe lawo. Anatibweza m'maofesi kambirimbiri, ati bwana atuluka, mubwere mawa. Paliponse Mayi Kamwendo ankakana kundilankhulira. Ankati nkhani ndi yanga, ndiinene ndi pakamwa panga, iwo aima pambali panga. Amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi, omwe aja anandikoka chitenje, anayamba kundiperekeza. Ankakhala panja pa ofesi mwakachetechete mpaka titalandiridwa.

Mlandu utalowa m'khothi, panalibe mboni ngakhale imodzi yonena kuti inamuona Venansio atagwira mpeni. Woweruza anamumasula dzuwa lisanafike pamutu. Zaka zonse zija zinathera pa kanthawi kochepa chotero, ndipo m'malo mosangalala ndinalira mpaka anachita kundigwira.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Mwana wanga anatuluka ndi chifuwa chachikulu, mano ena atachoka. Asanalowe m'nyumba anapempha kuti timuonetse manda a bambo ake, ndipo anagwada pamenepo nthawi yaitali. Mankhwala anamwa, chifuwa chinapola, koma mpaka lero sakhala m'nyumba chitseko chili chotseka. Amalankhula pang'ono, ndipo msika sakufunanso kuuona.

Masiku ano a bungwe aja akamayendera midzi ya ku Bembeke ndi kwina amanditenga. Ndimaima pamaso pa anthu n'kuwauza kuti kufunsa si mlandu. Pafupifupi paliponse, msonkhano ukatha, pamatsala mayi kapena bambo amene amandinong'oneza kuti nayenso ali ndi wake kumeneko.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa losweka lija nandipatsa zoposa zimene ndinapempha. Inu amene mukudikirabe, musaleke kupemphera, komanso musakhale chete, pakuti thandizo lake limadzera mwa anthu amene amva kulira kwanu. Mundikumbukirenso m'mapemphero anu, bala langa silinapole. Koma dzana, ndikudutsa kudimba, ndinamumva Venansio akuimba mluzu uku akuthirira mbewu. Ndinaima kuseri kwa nthochi kuti asandione, angasiye.