Penti Yofiira pa Mango wa Brenda

— Halo?

— Halo, Mateyo? Ndine Felister.

— Aa, asisi. Mwauka bwanji?

— Ndauka, kaya iwe? Malungo aja bwanji?

— Akusiya pang'onopang'ono. Kunchito sindinapite, anati ndipume wiki yonse. Kunyumba ali bwanji?

— Alipo. Alamu anga auka?

— Auka, apita kuchigayo. Koma mukumveka patali. Muli kwanu ku Mnkhanya?

— Ayi, ndili ku Chinzombo, kwa mwana wanga Juliet. Ndapalasa njinga m'mawa.

— Kwagwanji?

— Palibe. Ndangofuna kuti lero anthu andione kuno, osati kwathu.

— Mwayambanso chiyani, asisi?

— Ndamva kuti anzako aja odula mitengo m'mawaya a malaiti akumaliza kwathu lero. N'zoona?

— Eya, lole imanyamuka naini awazi.

— Basi. Lero mlamu wanga Brenda adziwa mmene chitsa chimapwetekera mtima.

— Nkhani ya mango ija simunaiwalebe?

— Ndiiwale? Mtengo anabzala malemu Paskale ndi manja ake, chaka chomwe anandikwatira. Njovu zaulephera zaka zonsezi, zimangodya mango n'kumapita. Inu mwabwera ndi makina anu, tiyi wanga asanazizire n'komwe, mtengo uli pansi. Mwamuna ndinaika m'manda, mthunzi wakenso mwandilanda.

— Unali pansi pa laini, asisi. Lamulo limati...

— Nanga wa Brenda uli kuti? Nthambi zake zachita kukumbatira waya, koma uli chiimire. Wanga munaupaka mtanda wofiira, wake kamzere koyera kozungulira, ngati mwauveka mkanda. Ndani sadziwa kuti kapitawo wanu amamwa thobwa kwa Brenda?

— Halo? Mukudukaduka.

— Netiweki ya kuno. Ndikuti pamjigo Brenda anandiseka. Akuti, "Alamu, pabwalo panu pawala ngati pa eyapoti ya Mfuwe." Azimayi kuseka mpaka kutaya madzi. Mlongo wake wa Paskale weniweni, kuseka mtengo wa malemu. Ine ndinangoti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

— Musiyeni, pakamwa pake mumapadziwa.

— Ndamusiya kale. Ndamusiyira penti.

— Penti yanji?

— Yofiira ija inatsala popaka chitseko changa. Brenda atangotsikira kudimba m'mawa uno, ine ndi chikwanje pa mango wake, khwee khwee, choyera chonse ndapala. Kenako mtanda waukulu, woti ngakhale wodutsa pa njinga auone. Akabwerako apeza nkhuni. Ndiye ndakuimbira kuti uwauze anzakowo adule pansi penipeni, usadzaphukenso. Akhale pa dzuwa ngati ine, tione ngati eyapoti imakoma.

— Asisi, mwapala choyera?

— Chonse. Usandilalikire, tokotaimu ya mu foni yanga ndi yochepa.

— Mumadziwa tanthauzo la choyeracho?

— Kukondera.

— Ayi. Choyera ndiye kuti waya wadutsa m'kati mwa masamba, munthu asakwere mpaka a malaiti atazimitsa laini. Wa Brenda tinausiyira Loweruka lino, tsiku lozimitsa. Ukanagwa ndithu.

— Ukanagwa?

— Loweruka lomweli. Mtanda wofiira ndiye kuti palibe nthambi yokhudza waya. Kwera, dula, ngakhale moto uli mu laini.

— Aa, koma ali ndi maso. Waya auona.

— M'mango wa Novembala, masamba ali bii choncho? Wokwera amakhulupirira penti. Amene anayendera mitengoyo ndine, ndipo ine ndili pamphasa pano. Kapitawo wa thobwa wanuyo ali ndi gulu la ku Nkwali. Wa lero ndi mlendo, kwanu sakudziwako.

— Ndiye... akwera ndani?

— Boston.

— Boston uti? Mwana wanga ali ku Nkwali, anandiuza yekha Sande kutchalitchi.

— Anamusintha dzulo, alowe m'malo mwanga.

— Mayo ine. Dula foni, muimbire manjemanje.

— Ine tokotaimu ndilibe. Ndiponso akayamba nchito mafoni onse amatsala mu lole.

— Taimu ili bwanji?

— Teni yakwana. Amayambira pa sukulu, kenako mzere wa nyumba zanu.

— Pa njinga ndikafika dzuwa lili pamutu. Mateyo, ndichite bwanji?

— Dimba la Brenda lili kuseri kwa nyumba chabe. Foni amayenda nayo, amamanga pa chitenje. Akathamanga awapeza.

— Brenda? Ndimuuze kuti chiyani?

— Zomwe mwandiuza inezi, zonse, ndi chikwanje chomwe. Apo ayi kapitawo aziti mayi akungokanira mtengo wake.

— Andiyendetsa mudzi wonse ameneyo. Pamjigo sindidzapondaponso.

— Akuyendetsani, inde. Koma Boston ndi mwana wa mlongo wake. Athamanga.

— Nambala yake ndinafufuta tsiku la eyapoti lija.

— Ine ndili nayo. Dikirani ndione mu foni.

— Fulumira, kamayi ka mu foni kanena kale kuti tokotaimu yatsala pang'ono, ndipo ndiyenera kusiyako yomuimbira.

— Nayi. Lembani pansi ndi chala. Ziro, naini, seveni...

— Ziro, naini, seveni, eya.

— Sikisi, fo...

— Sikisi chiyani? Ukudukaduka.

— Ndati fo, kenako...

— Kenako chiyani? Mateyo? Nambala ya alamu anga, Mateyo! Halo? Halo?