Tsiku la Chingwe Chachikasu

Bwana anali atamuuza katswiri wa makompyuta mosapsatira kuti intaneti ikadukanso pa msonkhano wa lero, alongedze zake. Kutatsala mphindi khumi kuti msonkhano uyambe, katswiriyo analowa m'kachipinda ka swichi, kabokosi kogawa intaneti mu ofesi monse, n'kupeza mayi wosesa atazula chimodzi mwa zingwe zake ziwiri.

"Mayi! Mukutani?"

"Chachikasuchi chikupuma lero," anatero mayiwo, akuchikulunga mwaulemu.

"Chingwe? Kupuma?"

"Si inu munati ziwirizi zimagawana ntchito mofanana? Ndiye ndinazigawira. Lero chabuluu, mawa chachikasu."

Katswiri anagwira mutu. "Mwayamba liti zimenezi?"

"Mwezi watha. Sindinaphonyepo."

"Mayi, zimagwira limodzi! Uthenga wina udzera uku, wina uku, nthawi imodzimodzi!"

"Nanga zimapuma liti?"

"Sizipuma!"

"Iii, nkhanza zimenezo. N'chifukwa chake chachikasu chikudwala."

"Chingwe sichidwala!"

"Chimadwala, bambo. Tsiku lake likafika, ofesi yonse imatukwana makompyuta. Ine ndimasesa ndikumva."

Koma katswiri wathuyu anali ndi masatifiketi atatu pakhoma, ndipo munthu wotere sauzidwa ndi wa tsache. Analanda chingwecho.

"Njira ziwirizi n'zofanana ndendende. Ndinayeza ndekha."

"Ndi kuseri kwa kabati komwe?"

"Kuseri kwa kabati kulibe chilichonse."

"Kuli khoswe. Wonenepa."

"Mayi, inu sesani!"

Anachilowetsa, kwa! Timagetsi tonse tiwiri ta pa swichi tinayamba kuphethira, iye n'kupinda manja monyada. Posakhalitsa mawu a bwana anamveka kuchokera kuchipinda cha msonkhano.

"Katswiri! Anthu auma pa sikirini! Wina wangoyasamula, sakutseka pakamwa!"

Katswiri anatembenukira ku kabati. Anagwada, n'kusuzumira kuseri kwa kabati. Chingwe chachikasu chinali chitatafunidwa, mawaya ake ali pamtunda, ndipo theka la mauthenga a bwana linkathera pomwepo.

"Katswiri! Ndikuwerenga mpaka katatu!"

Anadzuka fumbi lili m'maondo. Mayiwo anali atabwerera pa tsache lawo, akusesa modekha monga anauzidwira.

"Amayi," ananong'ona katswiri, "munati lero ndi tsiku la chiti?"