A Yoramu Kachiza, Amene Anadikira Kireni Pansi pa Lole

Mafumu, abusa, ndi nonse mwabwera kudzalira nafe, ine ndine Silvester, mng'ono wa malemu.

Malemu bambo Yoramu Kachiza anabadwa pa 9 Meyi 1966 ku Kandeu. Sukulu analekezera Fomu 2. Mu 1990 anakwatira mayi Lufina, ndipo mu 1994 anapita ku Joni, kumene anaphunzira kuyendetsa kireni, makina aja onyamula katundu wolemera pomanga nyumba zosanjikizana. Anagwira ntchitoyi zaka 22, ali m'kachipinda kagalasi m'mwamba, kosatheka n'kutambasula miyendo komwe. Chaka chilichonse ankati akusiya, koma ana anali akadali pasukulu. Anabwerako mu 2016 n'kuyamba kulima kachewere ku Biriwiri.

Pa 3 Ogasiti 2022, cha m'ma 8 koloko m'mawa, akugulitsa kachewereyo m'mbali mwa msewu, lole ya simenti inaduka mabuleki, n'kugubuduzika, n'kuwapsinja miyendo. Anthu anayesa majeki ndi mitengo, osatheka. A Abbas, a sitolo a ku Manjawira, amene ankangodutsa, anaima n'kuyamba kuimba mafoni kufuna kireni ya hayala. Ina inali pa ntchito, ina inali yowonongeka. Inapezeka ku Lilongwe, ndipo inafika 3 koloko masana. Nthawi yonseyi mayi Lufina anagwada pafumbi, akuwatchinga dzuwa ndi chitenje.

Woyendetsa kireniyo anafuna kukola tcheni kutsogolo kwa lole. Malemu, ali pansi pomwepo, anati: "Achimwene, musakole pamenepo, indiphwanya chifuwa. Kolani pakatipa, mukweze pang'onopang'ono." Anawamvera, ndipo anawatulutsa amoyo.

Koma miyendo sinagwirenso ntchito. Zaka zitatu akhala m'chipinda chimodzi, akuonera msewu pazenera, poti njinga yawo ya olumala sinkatha kutsika chitunda cha kwathu chija. Mwezi wathawu zilonda za kumsana zinakula. Lachiwiri, pa 14 Okutobala 2025, anapempha kuti tiwatulutse panja akaothe dzuwa. Tinawanyamula anthu anayi, koma anatsirizika tisanadutse pakhomo.

Asiya mayi Lufina, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Banja likuthokoza a Abbas, amene abweranso lero, amayi a mpingo amene ankathandiza kuwasamalira, adzukulu amene akonza manda, ndiponso woyendetsa kireni uja, amene m'chipwirikiti chija sitinawafunse n'dzina lomwe.

Achimwene, pitani mukapume. Mzimu wanu uuse mumtendere.