Ndinaba Nyimbo ya Mkazi Wanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo ndi inu achinyamata, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Amayi amene munadzagona kumaliro kwathu sabata zitatu zapitazo, Mulungu akudalitseni. Nkhuni munabweretsa zija zinatsalako, ndikusonkhabe mpaka lero.

Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mukaona ndakhala chete pakati pa nkhani, musandithamangitse, mungondidikira pang'ono.

Ambiri mumandidziwa kuti a Kanema, mpaka ana amayesa ndi dzina la ubatizo. Linabwera chifukwa cha ntchito. Kale ndinkagwira ku Blantyre, ku ofesi ina yopanga mafilimu a zaulimi, aja amabwera pa galimoto n'kupachika chinsalu choyera pabwalo la sukulu. Ine sindinkajambula zithunzi ayi. Yanga inali kupeka nyimbo zimene zimamveka pansi pa zithunzizo. Filimu inkandipeza ili duu, anthu akuyenda, akulima, koma osamveka kanthu. Ndinkakhala m'kachipinda kopanda zenera, wotchi m'manja, n'kumawerenga kuti mlimi wakweza khasu kangati, dengu lafika liti pa sikelo. Kenako ndinkaitana anzanga atatu, wa gitala, wa kodiyoni ndi wa ng'oma, tiimbe mpaka nyimbo ithere pomwe chithunzi chathera. Ikapitirira pang'ono, basi tiyambirenso.

Woonera filimu sadziwa kuti amene akumuseketsa kapena kumuliza ndi munthu wobisala kuseri. Zimenezo zinkandikoma, abale. Ndinkadzimva, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Koma ntchito imeneyi imampatsa munthu khutu lakuba. Amayi akamasinja, ine ndaba kale kagundidwe ka musi. Wogulitsa nanazi pa Chitakale akamaitanira malonda, ndaba. Ndinafika poti munthu akamandilankhula sindinkamvanso zimene akunena, ndinkangomva ngati mawu ake angakhale bwino pa filimu.

Tsopano za akazi anga, amake Felesiya, amene munakawaika m'manda. Achinyamata inu munawadziwa ngati mayi wofatsa wa pa benchi yakumbuyo uko, wosatsegula pakamwa nthawi ya nyimbo. Funsani amayi achikulirewa, akuuzani. Kale ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi muno, ndipo akayambitsa, wodutsa pamsewu ndi njinga ankatsika kuti amvetsere. Si choncho amayi? Amene anawatseka pakamwa ndi ine ndaima pano.

Chaka china ndinabwera kwathu ku Limbuli ndi makina a ku ofesi ojambulira mawu, aja a tepi yozungulira ngati mbale, kuti ndijambule mawu a othyola tiyi. Ndinapeza Felesiya, mwana wathu mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi, wagwidwa ndi chikuku. Tsiku lina masana ndili pakhonde ndikupukuta makinawo, ndinamva amake akuimba kuchipinda. Inali nyimbo ya Chilomwe yotonthozera mwana, imene amayi awo anabwera nayo kuchokera kutsidya kwa malire. Yapang'onopang'ono, yonena kuti gona mwanawe, njira ndi yaitali koma uli kumsana kwanga. Chikwatirane ndinali ndisanaimvepo.

Bambo wina akanalowa n'kukagwira mwana dzanja. Ine ndinavula nsapato, ndinanyang'ama, n'kukaika maikolofoni pansi pa chitseko. Mwamva, abale? Mwana wanga thupi lili moto, ine ndagwada kunja, maso ali pa kasingano ka makina kuona ngati mawu akulowa bwino. Nyimbo itatha ndinanyang'amanso kubwerera pakhonde, mumtima ndikuti lero ndatola chinthu. Patapita masiku atatu Felesiya anatisiya.

Nditabwerera kuntchito ndinapeza filimu ya ulimi wa tiyi ikundidikira. Bwana wanga anati, "Tikufuna nyimbo yachisangalalo pofika Lachisanu, akuluakulu akubwera kudzaonera." Mukudziwa nokha kuti akuluakulu akati Lachisanu ndiye kuti ndi Lachisanu. Sindikudandaulira munthu aliyense pano, cholakwa ndi changa. Lolemba ndinakhala ndi wotchi yanga, mutu uli gwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Munthu woti wangoika mwana m'manda, chisangalalo akachitenga kuti? Lachitatu ndinatulutsa tepi ija.

Ndikuimvetsera ndekha, pakati pa nyimbo ndinamva mwana akutsokomola, kenako akulankhula. Tsiku lojambula lija sindinamumve, poti maso ndi mtima zinali pa kasingano. Zimene ananena ndikuuzani kumapeto, panopa sindingathe. Pantchito yathu, phokoso losafunika tinkalidula ndi lezala, n'kulumikiza tepi, zodukazo n'kuponya m'dengu la zinyalala. Ndinamudula mwana wanga ndi lezala, abale, kuti oimba anzanga asamumve pophunzira nyimbo. Koma poti ndiponye m'dengu, dzanja linakana. Kachidutswako kanali kotalika ngati kuchokera pano kufika pa chitseko apo. Ndinakakulunga pa chala, n'kukaika m'chitini cha tiyi momwe ndinkasungira nsambo za gitala.

Anzanga atabwera ndinati, "Mawu tisiye, titenge maimbidwe okha. Koma muithamangitse, igwirizane ndi manja a othyola tiyiwo." Wa ng'oma anagunda, wa kodiyoni anakoka, nyimbo ya mwana wodwala inasanduka yovina. Inathera ndendende pomwe dengu lafika pa sikelo. Lachisanu bwana anandigwira chanza ndi manja awiri.

Patapita miyezi, galimoto ya kanema inafika ku Limbuli, ine ndili pa tchuthi. Ndinawatenga amake Felesiya kuti akapitidweko mphepo. Mumtima ndinkati sangaizindikire, ndaiveka zovala zina. Amayi, kodi mwana wanu atavala malaya a eni ake, mungamusowe? Kutangoyamba mdima chinsalu chinawala, ng'oma inagunda, anthu anayamba kuwomba m'manja. Akazi anga anangoimirira, anamanga chitenje, n'kumapita. Ndinawapeza atakhala pakhonde.

Anati, "Bambo a Felesiya, nyimbo ija munaitenga kuti?"

Ndinati, "Ndinapeka ndekha."

Anati, "Pamene ndinkaimba, inu munali kuti?"

Bodza linandithera. Ndinati, "Ndinali pachitseko."

"Munali pachitseko," anatero, "osalowa?"

Sanakalipe, sanalire, sanapite kwa ankhoswe. Bwenzi atanditukwana, abale, bwenzi atandipirikitsa pamudzi pawo. Anangolowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso, kaya kumunda, kaya pamtondo, kaya muno m'nyumba ya Mulungu.

Zikanathera pomwepo, koma ayi. Nyimbo ija anthu anaikonda. Amayi ovina pa misonkhano ya chipani anaiika mawu awo otamanda, ndipo mukudziwa kuti akaitana amayi onse a m'mudzi kukaphunzira gule, palibe amene amati ine mutu ukundipweteka. Akazi anga anapita. Ndinawaona ndi maso angawa ali pamzere pabwalo, miyendo ikuvina, pakamwa pali chotseka, misozi ikutsikira m'khosi. Anzawo ankayesa ndi thukuta. Pobwera ankapinda nsalu yawo bwinobwino, n'kukhala pansi kuyang'ana kuphiri. Ndinawavinitsa ndine. Mayi kuvina nyimbo imene anatsanzikira nayo mwana wake, ndinachititsa ndine.

Ndinathamangira ku Blantyre kukapempha kuti ndisinthe nyimboyo. Anandiseka. Anati mawu anamatidwa kale m'mphepete mwa filimu, ndipo makope ake ali pa magalimoto m'zigawo zonse. Ndinafunsa za tepi ija, anati anaifufuta kalekale n'kujambulapo zina. Chaka chisanathe ndinasiya ntchito. Ndinabwera kuno n'kukalembedwa ukalaliki woyeza tiyi ku esiteti, gitala n'kupachika kudenga.

Zaka zisanu ndi zinayi, abale. Zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba mopanda nyimbo. Ankandiphikira, ankandichapira, ndikadwala ankandisamala. Ndikapepesa ankangoti, "Ndamva." Mulungu sanatipatsenso mwana wina. Ndinkabwera muno Lamulungu lililonse, inu mukuimba, ine khutu lili ku benchi yakumbuyo kudikira kuti mwina lero. Khutu lomwe lija lakuba linasanduka chilango changa, chifukwa pakati pa mawu a mpingo wonse linkamva amodzi amene palibe. Ndinkapemphera kuti, Ambuye, sindikupempha kuti mundichepetsere chilango, koma mkazi uyu mumubwezere nyimbo yake.

Chaka chino anayamba kudwala. Kuchipatala anayesetsa, kenako anatiuza kuti tibwerere kunyumba. Tsiku lina m'mawa nditawapatsira phala, ndikutuluka, anandiitana. Anati, "Bambo a Felesiya, chikundiwawa n'chimodzi. Nkhope ya mwana ndikuikumbukira, koma mawu ake andithawa. Ndikakafika kumeneko akakandiitana, ndikamudziwa bwanji?"

Abale, chitini chija chinali pansi pa sutikesi m'chipinda chomwecho. Zaka zonsezi sindinawauzepo, chifukwa ndinkaopa zimene zili pa kachidutswako. Koma m'mawa umenewo Mzimu wa Mulungu anandigwira pakhosi, ndinaulula zonse, za lezala, za dengu, za chitini.

Anati, "Mwana ali m'nyumba muno zaka zonsezi?"

Ndinati, "Eya."

Anati, "Pitani mukamutenge ndidakali moyo."

Ndinawasiya ndi mchemwali wawo, ndinatenga chitini, ndinakwera basi ya ku Blantyre, poti makina omvetsera tepi yotere anali komweko. Pofika pa Chonde ndinali nditapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, kuti tepi isakhale itaola ndi chinyezi cha kwathu kuno, ndiponso kuti pobwerera ndisapeze anthu atasonkhana pakhomo. Mnzanga uja wa kodiyoni ndinamupeza akadali pantchito. Tepi inali itamatana, yachita nkhungu. Tinaimasula pang'onopang'ono ndi nsonga ya pensulo, iye n'kuisamutsira pa kaseti. Atamva zimene zinali pamenepo anavula chipewa.

Mawa lake masana ndinafika kunyumba, akazi anga ndinawapeza ali maso. Ndinabwereka wailesi ya kaseti kwa adikoni ali apawa, ndinaiika pamphasa pafupi ndi mutu wawo, ndinatsegula, n'kutuluka kukaima kuseri kwa chitseko. Manyazi, abale. Sindikanatha kuwayang'ana.

Poyamba panamveka phokoso ngati mvula. Kenako mawu a akazi anga ali mtsikana, akumaliza ndime. Kenako chifuwa. Kenako Felesiya wanga, ndi timawu take tija, akuti, "Amayi, imbaninso. Ababa ali kuti? Abwere adzamve nawo." Amake n'kuyankha kuti, "Akubwera, mwananga."

Ndidikireni pang'ono.

Mwana ankandiitana, ine ndili pomwepo, chitseko chokha pakati pathu. Zimenezo n'zimene ndinadula ndi lezala.

Mchemwali wawo anaibweza kaseti katatu. Ine ndili chiimire panja, ndikudikira kuti tsopano anditemberera, ndipo akanatero sakanalakwa. Kenako ndinamva akuti, "Bambo a Felesiya, mulinso pachitseko?"

Ndinati, "Eya."

Anati, "Simukumva mwana akukuitanani? Lowani."

Ndinalowa chokwawa. Ndinagwada pamphasa, anandigwira dzanja, n'kunena kuti, "Nyimbo munandibera, koma mwana mwandisungira. Zatha." Kenako anatseka maso n'kuyamba kuimba. Mawu anali atatha, ankatuluka movutikira, koma inali yomwe ija, ya Chilomwe, yapang'onopang'ono monga amayi awo anawaphunzitsira. Mwana anapempha kuti imbaninso, ndipo patatha zaka zisanu ndi zinayi amake anamuimbira, abambo ake ali pomwepo akumva nawo. Panalibe makina, panalibe wotchi. Nyimbo imeneyo sindinaijambule, ndipo palibe amene adzavinenso. Patapita masiku anayi anagona.

Abusa, mtima wanga ndi wosweka, sindinama pamaso pa Mulungu. M'nyumba muja mwakula. M'mawa ndimatenga makapu awiri, kenako n'kubweza imodzi. Zaka zimene ndinawalanda akazi anga sizidzabwerera, ndipo mpingo uno ndinaulanda mawu amene ana awa sanawamvepo. Pa chimenecho ndikupepesa kwa nonse. Abambo anzanga, mukamva kuchipinda kukufunika inu, siyani zimene zili m'manja, lowani.

Koma ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza kuti anaumitsa dzanja langa pamwamba pa dengu lija. Ndikuthokoza kuti nkhungu inadya m'mbali n'kusiya mawu a mwana. Ndikuthokoza kuti ndinawapeza ali moyo. Ine ndinkayenera kufera kunja kwa chitseko, koma akazi anga anandiuza kuti lowani. Ngati munthu amene ndinamulakwira chotere anatha kutero, nanga Yesu?

Ndiye musandimvere chisoni chokha ayi. Kondwerani nane, abale, ngakhale mukuona ndikulira. Kondwerani nane chifukwa amake Felesiya anapita akuimba, ndipo kumene apitako mwana akawaitana, amudziwa. Ambuye alemekezeke. Amayi, tiyambitsireni nyimbo ina iliyonse imene ili pamtima panu, koma chonde musaithamangitse.