Dzuwa la Mumphika

Pa siteji ya basi ku Canberra, chisanu chili mbuu pa udzu, Narelle anakhala atakumbatira chikwama. Anali injiniya, ndipo ankapita kukayamba ntchito yatsopano ya ku migodi. Nkhalamba ina inamusendezera mphuno.

"Mwanawe, kachasu m'mawa uno?"

"Ndi sipiriti, agogo, fungo lake silichoka m'manja. Kuntchito kwathu kwa zasayansi timatsukira mphika wachitsulo wophikiramo dzuwa. Kungokhudza mkati ndi chala, thukuta lokhalo limazimitsa moto."

"Dzuwa mumphika! Limaoneka bwanji?"

"Lofiirira, ngati chifuwa cha mbalame ya galah. Limangoyandama osakhudza paliponse, maginito atalifungatira."

"Basi, ndibwera ndi phale ndidzapale moto."

"Mudzabwerera chimanjamanja. Limazima musanaphethire n'komwe. Utsikana wanga wonse wathera pa kuphethira kumeneko. Ndatopa, ndikuwasiyira anzanga ntchitoyo."

"Ha! Malemu mkazi wanga anandiponyera diso kamodzi ku dansi ya ku Yass, kanthawi kochepa ngati komweko. Mpaka lero ndikuothabe moto wake."

Basi ya ku bwalo la ndege inaima, chitseko n'kutseguka.

"Yako ndi iyi, mwanawe."

"Ipite. Mukuti anakuyang'anani bwanji, agogo?"