Maora Awiri Otsala pa Horariyo

Nkhondo itangotha, ife obwerera kuchokera ku Malawi tisanazolowere kutentha kwa Tete kuno, ndidapatsidwa ntchito yophunzitsa Biyolojiya pa sekondale ina ku Matema. Inu amene mwangoyamba uphunzitsi masiku ano mumapeza mabuku ali m'kabati, koma ife tidapeza zipupa zokhazokha, ndipo m'chipinda chomwe chinkatchedwa laboratoriyo mudali mipope youma ndi zisa za mavu.

A diretori, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, adaitana ine ndi a Chapepa, mkulu wa Chinyungwe wophunzitsa Fizika ndi Kimika, kuti tikonze horariyo, ndandanda wa maphunziro a sayansi a chaka chonse. Maphunziro okakamiza adabwera atalembedwa kale, osasunthika ayi, ndipo titawayala pa masiku a sabata padatsala maora awiri okha oti tisankhe tokha chophunzitsa. Maora awiri basi, ana anga, koma tidalimbirana ngati dimba la makolo.

Ine ndinkafuna phunziro la madzi ndi ukhondo: kusefa, kuwiritsa, kukumba chimbudzi kutali ndi chitsime. Musandiyang'ane choncho, chifukwa chake chidalipo. Mwana wanga woyamba ndidamusiya m'manda ku msasa wa othawa nkhondo, kolera itamutenga m'masiku awiri, ndipo kuno ndinkaona anthu akutunga m'Zambezi n'kumwera pomwepo. Koma a Chapepa ankafuna kuti maorawo tiphunzitsire mawu a sayansi m'Chipwitikizi, poti ana ambiri m'kalasimo adaphunzira m'Chingerezi kutsidya ku Malawi.

Tsiku lina masana, titakhala pansi pa mtengo wa masawu, adandiuza mofatsa kuti, "Mayi, sayansi ana awa akuidziwa. Chimene alibe ndi pakamwa, ndipo mayeso a boma sabwera m'Chingerezi."

Ndidawayankha kuti wakufa salemba mayeso. Iwo adangopukuta thukuta ndi mpango. A diretori adayesa kutigawira ora limodzi limodzi, koma tonse tidakana, tikuti mapanga awiri avumbwitsa. Tidakokana sabata zitatu, mapepala akung'ambidwa, choko chikutha pa bolodi, mpaka a Chapepa adatopa nati ndichite mmene ndafunira.

M'kalasimo mudali Luziya wa ku Tsangano, mtsikana wamkulu kale, mwana wake ankamusiya kwa azakhali ku Chimadzi. Ameneyo akajambula mtima wa munthu pa bolodi, mitsempha yonse ili m'malo mwake, ngakhale ine ndinkachita nsanje. Phunziro langa la madzi ndiye adalitenga ndi manja awiri. Mchenga ndi makala zosefera m'chidebe ankabweretsa ndi iyeyo. Koma mayeso atafika, funso ankalidziwa yankho lake, mawu a Chipwitikizi olembera adalibe. Adalephera. Adabwereza chaka, adalepheranso, ndipo malo ake adapatsidwa wina poti ofuna sukulu adali ambiri. Sadali yekha, adagwa ambiri obwerera aja. Chaka chachitatu ndidapita ndekha kwa a Chapepa kukawabwezera maora awo, ndipo iwo sadandikumbutse n'kamodzi komwe zimene adanena. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndidazindikira mochedwa.

Patapita zaka ndidakumana ndi Luziya pamsika akugulitsa matimati, imvi zitayamba kale. Adandilandira ndi ulemu wonse, nandiuza kuti ana ake anayi adakula osadwalapo m'mimba mwa madzi, ndiponso kuti amayi a mumsewu mwawo onse adawaphunzitsa kusefa. Mtima wanga udayamba kutsika. Kenaka, akundiikira matimati m'thumba, adati:

"Zikomo, aphunzitsi. Kungoti ine ndinkafuna unamwino. Mukadatifunsa."

Sadanene mokwiya ayi, adanena ngati munthu akutchula mtengo wa matimati, ndipo ndidayenda mpaka kunyumba dzuwa lili pamutu osalimva.

Mpaka lero sindidziwa bwino kuti wolakwa adali ndani pakati pa ine ndi malemu a Chapepa, ndipo ndatopa n'kudzifunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti sabata zitatu zija tidakangana awiri, eni ake maphunzirowo ali chete m'kalasi. Safunsa adadya phula. Tsono inu, lolani zokakamiza zikhale zokakamiza, sizili m'manja mwanu. Koma kampata kakang'ono kamene akusiyirani kuti musankhe, musakadzaze ndi chisoni chanu kapena nzeru zanu zokha. Yambani mwakhala pansi ndi anawo, muwafunse kumene akufuna kupita.